Akufa Sayimba za Makasu

Ine ndi amuna anga tinafa m'chaka cha 1930, nyengo yokolola mapira. Tinafera mu Ruo, mtsinje umene umalekanitsa dziko la Apwitikizi ndi lino. Nsalu yanga yakale ndi ndodo ya amuna anga tinazitaya pagombe, pamalo pomwe aliyense ankadziwa kuti ng'ona zimaotherapo dzuwa, ife n'kukawolokera kumtunda pamiyala. Tisanafike n'komwe ku minda ya tiyi ya ku Thyolo, kwathu anali atayamba kale kulira maliro athu. Musaseke. Imfa imeneyo ndiyo inkasunga mwana wanga.

Amuna anga, amene kuno analembetsa dzina loti Simeoni, anali woyambitsa nyimbo pakati pa onyamula machila a shefe, mzungu wolamula boma la ku Milanje. Zaka zisanu mzungu uja anagona chagada m'machila, mawu a amuna anga akumutsikira m'makutu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lina pamtsetse woterera a Simeoni anaphonya phazi, machila anagwa, shefe n'kuthyoka mkono. Chilango cha mlandu wotere chinali kutumizidwa kuzisumbu za m'nyanja yamchere, kumene sitinamvepo kuti wina anabwerako. Kuthawa wamba sikukanathandiza. Munthu akathawa, asipayi, apolisi achikuda a Apwitikizi, ankagwira abale ake, mkazi kaya mayi kaya mwana, n'kuwasunga ku boma mpaka wothawayo abwerere yekha. Wakufa yekha ndiye sankalondoledwa.

Mwana wathu Teleza anali ndi miyezi khumi, ndipo anali ndi chifuwa chomveka kutsidya kwa dambo. Ndinamubereketsa amayi anga n'kuwauza kuti ndikukatunga madzi. Sindinawauze zoona, chifukwa mayi amene akudziwa kuti mwana wake ali moyo salira mokwanira pamaliro, ndipo asipayi ankadziwa kuyang'ana misozi. Ndinkati tikakhazikika ndidzabwerera kudzamutenga. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha ndisanapeze njira.

Pa esiteti anatipatsa malo omanga nyumba ndi kadimba, ife n'kumalipira ndi thangata, ine kutchola tiyi, a Simeoni kupalira. Kwa kalaliki tinanena kuti tilibe mwana. Azimayi a m'mizere ya tiyi ankandinena kuti Lestina ndi chumba, ena mondimvera chisoni, ena mondiseka, ndipo ine ndinkangomeza mate. Ngakhale amuna anga sindinkawaitana kuti bambo a Teleza, monga mkazi aliyense aitanira mwamuna wake. A Simeoni analumbira kuti sadzayimbanso. Koma munthu woyimba ali ngati wachifuwa, sabisika. Khasu likalowa m'nthaka, anzawo akatopa, ankangozindikira kuti ayambitsa kale, ndipo gulu lonse likuvomera. Ndinkawakalipira, iwo n'kumati, "Kuno n'kutali, mkazi wanga. Mawu sawoloka Ruo."

Anawoloka, ndipo anawawolotsa ndi mzungu wokonza makina a fakitale, amene tinkamutcha Bwana Mawaya. Munthuyo sankaona waya n'kuudutsa. M'chaka cha 1937 anazika mitengo iwiri ya bulugamu kuseri kwa fakitale, n'kumanga waya pamwamba pake, ndipo m'kachipinda komwe kale ankasungiramo mabokosi a tiyi anadzazamo zitsulo zong'ung'udza. Ankati ndi nyumba ya wailesi. Poyamba ankangoliza galamafoni Lamlungu masana kuti azungu anzake amve m'nyumba zawo. Kenaka mwenye wa sitolo ya pamsewu ananunkhiza malonda. Anagula mabokosi olankhula, limodzi anaika pakhonde la sitolo yake, lina ku Thekerani, lina kwa mng'ono wake amene anali ndi sitolo ku Milanje, nagwirizana ndi Bwana Mawaya kuti wailesiyo izitchula katundu wake. Anthu ankadzaza pakhonde, koma Chinyanja cha mzungu uja chinkawaseketsa mpaka kuiwala kugula. Mwenye anati akufuna nyimbo, ndiponso munthu wa mawu.

Kapitawo wathu, a Bizwick, anatipeza Lachitatu pa sikelo, ine ndikutula dengu.

"A Simeoni, mwalemera!" anatero, mano onse pamtunda. "Bwana Mawaya akufuna inuyo Sande ino. Mukayimbe za makasu a mwenye. Mesa ndine ndakutchulani? Mawu anu akamveka ku Thekerani, ku Milanje, konsekonse."

"Ku Milanje?" anafunsa amuna anga.

"Eya, mpaka kwa Apwitikizi. Bwana akuti ngakhale shefe wa kumeneko amakaima pasitolo paja kumvera."

Ndinasiya dengu n'kuyang'ana amuna anga.

"Akapitawo, ine pakhosi sipali bwino masiku ano," anatero a Simeoni.

Mano a a Bizwick anabwerera m'kamwa. "Pakhosi? Dzulo lomweli mumang'amba phiri lonse. Musandichititse manyazi kwa bwana, mwamva? Wokana ntchito amalandira notisi yochoka pa esiteti. Nde munthu wochoka kutsidya ngati inu, opanda malo, opanda tikiti ya msonkho, mukuganiza a boma akakuperekezani kuti? Ku Ruo komweko."

Ndinamutukwana mumtima munthu ameneyo, pamodzi ndi chipewa chake chachikulu. Sanali woipa ayi, ankaganiza kuti akutichitira zabwino, ndipo zimenezo n'zomwe zinandikwiyitsa kwambiri.

Madzulo ake ndinapita kusitolo ndekha, chifukwa Bwana Mawaya ankayesa makina ake. Ndinkafuna kumva ngati mawu amafika momwe alili kapena amasintha panjira. Ndinali ndi chiyembekezo choti mphepo imawapinda, kuti munthu amamveka ngati wina. Bokosi linalira tsotsotso, kenaka mzungu analankhula, kenaka anatsokomola. Chinali chifuwa chake chenicheni, chija timachimva akamadutsa pa njinga, cha fodya wa kaliwo. Ndinabwerera kunyumba ndikuthamanga, anthu n'kumandifunsa ngati ndalumidwa ndi njuchi.

Tinayesa zonse. Ndinawadyetsa mtedza wauwisi, ndinawamwetsa madzi ozizira a m'khwawa, ndinapita nawo m'nkhalango ya bulugamu kuti akakuwe mpaka mawu asase. Anakuwa mpaka agalu a kumalayini a antchito anayamba kuuwa, koma m'mawa mawu anadzuka osalala kuposa kale. Potsiriza tinapangana chonchi: ayimbe nyimbo ya kuno, ija ya opalira imene anaiphunzira pa esiteti pompano, ayimbe ndi timawu tating'ono ta m'mphuno, asatsegule chifuwa. Nyimbo ya machila asaiyandikire ngakhale pang'ono.

"Mukaiwala, kumbukirani Teleza," ndinawauza. Linali dzina limene sitinalitchule mokweza kwa zaka zambiri, ndipo tonse tinacheukira kukhomo.

Lamlungu masana ndinakhala pakhomo ndikusenda chinangwa chomwe sindinkachifuna. Ndinaona a Bizwick akutsika njira mothamanga, chipewa chili m'manja.

"Mai Lestina, nyamukani! Amuna anu angoti kakasi pamaso pa bwana. Akutsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Ine ndamuuza bwana kuti nyimbo yopanda wovomera siyenda, munthu sangayimbire khoma. Tiyeni, fulumirani!"

Ankanena zoona. Kwathu palibe amene amayimba yekha, kupatula wamisala ndi mfiti. Nyimbo imaponyedwa, wina n'kuiwakha. Mzungu uja ndi mawaya ake onse sankadziwa zimenezo.

M'kachipindamo munkanunkha tiyi wakale ndi mafuta a makina. Makoma anakhomamo mabulangete. Pakati panali chitsulo chobowokabowoka ngati sefa, chili pamtengo, ndipo a Simeoni anaima patsogolo pake thukuta lili kamukamu, atagwira ndodo imene anawapatsa kuti asamanjenjemere manja. Bwana Mawaya, nkhope ili psuu, anandikankhira pambali pawo n'kuloza kanyali kofiira. Kakayaka, ndiye kuti dziko lonse likumva. Ndinayang'ana timabowo ta chitsulo chija ndipo ndinkaona ngati kuseri kwake kuli khutu la shefe.

Kanyali kanayaka. A Simeoni anayamba monga tinapanganira, timawu ta m'mphuno, nyimbo ya opalira.

"Khasu la kwa mwenye, lolimba mpini."

Ine ndinavomera motsitsa, "Lolimba, lolimba."

Ndime yoyamba inatha bwino, mtima wanga n'kuyamba kubwerera m'malo. Koma ndinamva kanthu pansi: go, go, go. Inali ndodo ija. Onyamula machila amayenda akumenya mtengo wa machila ndi kandodo, kuti mapazi onse atere pamodzi, ndipo dzanja la amuna anga linali litakumbuka lokha. Ndodo itayamba, mapazi anatsatira. Mapazi atatsatira, nyimbo inapotoka. Mawu anali omwewo, a makasu ndi mchere ndi nsalu za biriwita, koma mayimbidwe anali a machila a ku Milanje, ndipo chifuwa chawo chinatseguka chonse mpaka mabulangete a m'makoma ankachita ngati akupuma. Maso anali atatseka. Sankadziwanso kumene ali.

Apa ndi pamene ndimadziimba mlandu mpaka lero. Ndikanakhala chete, nyimbo ikanagwa pa mzere woyamba womwewo, iwo akanadzidzimuka, ndipo mwina palibe akanazindikira. Koma amayi anga anandilera ndi mwambo wakuti nyimbo ya mwamuna wako siigwa pansi iwe ulipo. Anaponya, pakamwa panga panawakha ndisanaganize. Ndinavomera monga ndinkavomerera kwathu machila akamadutsa pamudzi, ndi kamkuwe kanga kakumapeto komwe akazi onse a kumeneko ankandidziwa nako. Tinayimba ndime zinayi.

Kanyali katazima, Bwana Mawaya anawomba m'manja ngati mwana. A Simeoni anatsegula maso, anayang'ana ndodo ili m'dzanja lawo, n'kuiponya pansi ngati yawaotcha.

Masiku otsatirawo sindikuwafunira ngakhale mdani wanga. Pa esiteti tinasanduka anthu otchuka, makasu anatha kusitolo, ana ankatitsatira akuyimba "lolimba, lolimba," ndipo liwu lililonse linkandibaya. Nditchola tiyi, maso ali ku msewu wochokera ku Ruo. Munthu wa kabudula wa khaki akaoneka patali, ndinkasiya kutchola n'kumuyang'anitsitsa. Koma mantha enieni sanali a ife. Asipayi sakanawoloka kudzatigwira m'dziko la Angerezi, ndipo sankafunika kutero. Mudzi wathu unali pafupi ndi boma lawo, ulendo wa m'mawa umodzi. Ndinkaona mwana amene nkhope yake sindinkaidziwanso atamangidwa chingwe m'chiuno, akusesa bwalo la boma. Ndinkadula masamba okhwima m'malo mwa nsonga, kalaliki n'kundibwezera dengu kawiri.

A Simeoni anasiya kudya. Lachinayi anati, "Ndipita ndikadzipereke. Akandigwira ine, mwana amusiya."

"Nanga ngati shefe sanali pasitolo tsiku limenelo?" ndinawafunsa. "Mukadzadzuka kwa akufa pamaso pawo, mwatipereka tonse popanda chifukwa."

"Nanga ngati analipo?"

Tinakhala pakhonde ngati anthu odikira mvula ya matalala, osadziwa ngati igwera munda wathu kapena wa wina.

Loweruka m'mawa tinkatchola m'munda wa kuseri kwa fakitale. Mayi wina amene anali mumzere woyandikana ndi wanga anandigwira mkono. "Taonani uko, wamisala uja akutani pa mtengo wa bwana?"

Patsinde pa mtengo umodzi wa bulugamu ija ya waya panagwada mwamuna wovala chiguduli, miyendo yoyera ndi fumbi. Anali atasesa pansi ndi manja. Anamasula kansanza, n'kuyamba kuthira ufa pang'onopang'ono, kamulu kosongoka, monga timachitira popereka nsembe kwa mizimu. Kumbuyo kwake kunaima kamtsikana kowonda, katagwira m'mphepete mwa chiguduli chake. Mwamunayo ankalankhula Chilomwe, ndipo mphepo inandibweretsera mayina awiri amene sanatchulidwepo m'dziko lino, dzina langa lakale ndi la amuna anga.

Dengu linagwa, tiyi n'kumwazika. Ndinadutsa m'mizere osasamala kuti nthambi zikundikala.

"Achimwene! A Zuze!"

Mlongo wanga anatembenuka, anandiona, n'kugwa chagada. Anakwawa chambuyo, dzanja limodzi akukankhira mwana kumbuyo kwake. "Pepani, pepani, ufa ndi uwu," ankatero. "Sitinakuiwaleni. Tinameta, mowa tinaphika, chonde musatipweteke."

"Ndine ndemwe, achimwene. Gwirani. Mzimu umatuluka thukuta?"

Anatenga nthawi. Anayamba wandikhudza chala, kenaka anatsina mkono wanga mwamphamvu mpaka ndinakuwa, ndipo atamva kukuwako anayamba kulira ngati mwana. A Simeoni anali atafika, khasu lili m'manja, ndi anthu ena ambiri amene anasiya ntchito. A Bizwick ankafuna kukalipa, koma ataona nkhope yanga anatisiya.

Ine maso anali pa mwana. Anali ndi mphumi ya amayi anga. Ndinagwada n'kutambasula manja, koma iye anabisala kuseri kwa amalume ake, akundisuzumira ndi diso limodzi. Anakula akuuzidwa kuti mayi ake ali m'mimba mwa ng'ona, ndiye ndikanayembekeza chiyani? Zinandipweteka, komabe ndinawerenga zala zake, ndinayang'ana m'chiuno mwake, munalibe chipsera cha chingwe.

A Zuze anafotokoza atakhala pansi pomwepo. Lamlungu lija theka la mudzi wathu linali pasitolo ya ku Milanje, chifukwa anthu ankapita kukaona bokosi lolankhula. Nyimbo itayamba, palibe anasamala. Itapotoka, azimayi anayamba kuyang'anana. Kamkuwe kanga katamveka, anthu anabalalika, ena kusiya mitolo yawo, akukuwa kuti akufa a mu Ruo alowa m'bokosi la mwenye.

"Nanga asipayi?" anafunsa a Simeoni.

"Awiri analipo. Nawonso anathawa, wina anataya chisoti." A Zuze anapukuta mphuno. "Koma amayi sanathawe. Anaima pomwepo mpaka nyimbo inatha. Tikubwerera anandiuza kuti, 'Zuze, ine ndakalamba, mizimu ndaimvapo ikupempha mowa, ikupempha nsalu, koma sindinamvepo mzimu wotsatsa makasu. Ana aja ali moyo. Ndipo chimene ndazindikira ine, shefe achizindikira asipayi akakangomuyimbira nyimboyo. Tenga mwana, nyamuka lero lomwe.' Ndinafunsa mwenye kumene mawu amachokera, anati ku mitengo iwiri ya pa fakitale ya ku Thyolo. Ufawu ndinangotenga ndekha, kuti mwina amayi alakwitsa."

Anthu ena anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinali nditayamba kuyang'ana kumsewu, kumene nkhalamba yotsalira m'mbuyo ikanatulukira.

"Amayi ali kuti? Mwawasiya panjira?"

A Zuze anayang'ana kamulu ka ufa kaja. "Anakana kubwera. Anati asipayi akapeza nyumba yopanda munthu atilondola tisanafike pa Ruo, koma akapeza wina woti amugwire, akhuta. Anakhala pakhomo n'kuyamba kusoka mphasa. Tili m'phiri Lolemba m'mawa tinawaona akuwatenga. Ankayenda okha, sanawakoke."

Sindikumbuka kuti ndinalira bwanji. Akuti anandinyamula azimayi anayi, omwe aja ankanditcha chumba. Chimene ndikukumbuka n'chakuti madzulo ake Teleza anavomera kuti ndimusambitse, ngakhale sanandilankhule, ndipo ndikumukhula msana ndinafunsa a Zuze kuti ogwidwa amagwira ntchito yanji masiku ano ku boma kuja.

"Amuna amaswa miyala. Akazi okalamba amasesa msewu."

"Msewu uti?"

"Womwe uja wodutsa pasitolo."

"Ndi Lamlungu lomwe?"

"Kwa Apwitikizi wandende alibe Lamlungu."

M'mawa mwake sindinadikire a Bizwick. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditaima kale pakhomo la kachipinda kaja, a Simeoni kumbuyo kwanga, Teleza ndili naye pa dzanja. Bwana Mawaya anadabwa, anati nthawi sinakwane, ndipo mwana salowa. Ndinamuyang'ana mpaka anasuntha.

Kanyali kofiira kanayaka. Khutu la shefe linali pomwepo kuseri kwa timabowo tija. Koma linaliponso khutu lina, la amayi anga. A Simeoni anamenya ndodo pansi, anaponya nyimbo ya machila ndi chifuwa chonse, ine n'kuyandikitsa pakamwa pachitsulo mpaka ndinamva kuzizira kwake. Pa ndime yachiwiri ndinanyamula mwana. Sankadziwa za makasu, koma nyimboyo ankaidziwa, chifukwa agogo ake ankamugonetsa nayo zaka zonsezo. A Simeoni anaponya, ine ndinatseka pakamwa dala, ndipo kamawu kakang'ono kanawakha kokha, kuti wosesa msewu wa ku Milanje amve kuti mwana anawoloka.